Inki, Galasi, Kamera: Mbiri ya Kusaka Chithunzi Chabwino cha Chala

Mwezi uno gawo la mbiri lagwera ine, ndiye ndasankha kanthu kamene tonse timayenda nako tsiku ndi tsiku koma sitikalabadira: timizere ta kunsonga kwa zala.

Masiku ano chala chasanduka kiyi. Ena timatsegulira foni, kumabanki ena amafuna chala usanatape ndalama, ndipo aliyense amene ali ndi chiphaso cha unzika anasiya zidindo za zala zake m'kompyuta. Panopa kwabwera makina amene safuna n'komwe kuwakhudza. Umangodutsitsa dzanja pamwamba pake, kapena wina amangolozetsa kamera ya foni ku zala zako, basi zatheka. Zikumveka ngati za m'filimu, eti? Koma amene akupanga makina amenewa akulimbana ndi vuto lomwe lija linkasautsa anthu a inki ndi pepala zaka zoposa 160 zapitazo: kupeza chithunzi chooneka bwino. Ndipo mbiri ikuonetsa kuti chithunzi chikaipa, amene amavutika ndi munthu. Wina amamangidwa wosalakwa, wina amabwezedwa pamzere chimanjamanja.

KODI MAKINA AMAFUNA KUONA CHIYANI?

Tayang'anani chala chanu chachikulu pamalo owala. Chili ngati munda wogalauzidwa kale: pali mizere, ndipo pakati pa mizereyo pali tingalande. Kuchokera pa mzere umodzi kufika pa unzake ndi pafupifupi theka la milimita. Mizere imeneyi imapangika mwana akadali m'mimba ndipo kakhotedwe kake sikasintha moyo wonse. Ukadzicheka pang'ono, khungu likapola imabwerera mmene inalili, pokhapokha bala likhale lakuya n'kusiya chipsera. Ngakhale mapasa ofanana nkhope chotani, zala zawo zimasiyana.

Zala zambiri zili ndi mizere yokhota n'kubwerera komwe yachokera, zina yozungulira ngati kamvuluvulu, ndipo zochepa yongokwera ngati kachulu n'kutsika. Koma zimenezi sizikwanira kusiyanitsa anthu mamiliyoni. Chimene akatswiri ndi makompyuta amawerenga ndi tizizindikiro tating'onoting'ono: pamene mzere wathera panjira, ndi pamene mzere umodzi wachita mphanda. Pa Chingerezi amati minutiae, ndipo chala chimodzi chimakhala nato makumi angapo. Ndiye taganizani: kadontho ka inki kakalumikiza mizere iwiri, pamene mzere unathera panjira pamaoneka ngati mphanda. Chala n'chomwecho, koma chithunzi chanama. Nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

NTHAWI YA INKI

Anthu anaiona kalekale mizere imeneyi. Ku China wakale ankadinda zala pa dongo lomatira makalata, ndipo mu 1684 dokotala wa ku England, Nehemiah Grew, anaifotokoza m'zolemba zake. Koma amene anailowetsa mu ofesi ya boma ndi William Herschel, Mngelezi wogwira ntchito ku Bengal, m'dziko la India, nthawi ya atsamunda. Mu 1858 anapangana ndi wamalonda wina, Rajyadhar Konai, kuti azibweretsa zipangizo zomangira msewu. Herschel sankakhulupirira siginecha, ndiye anamuuza kuti apake inki chikhatho chonse n'kudinda pa pepala la mgwirizano. Poyamba ankangofuna kumuopseza kuti asadzakane. Kenako anapitiriza kusonkhanitsa zidindo n'kuona kuti za munthu mmodzi sizisintha ngakhale papite zaka. Pofika 1877, ali majisitireti ku Hooghly, ankadinditsa zala anthu olandira penshoni kuti wina asamalandire m'dzina la malemu. Eee, nkhani ya ma ghost worker siinayambe lero.

Ku Tokyo, m'dziko la Japan, kunali dokotala wa ku Scotland, Henry Faulds, amene anachita chidwi ataona zidindo za oumba pa mapale a miphika yamakedzana. Mu 1880 analemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti zidindo zosiyidwa pamalo a upandu zikhoza kuulula wolakwa, ndipo analangiza kuti podinda azigwiritsa ntchito inki ya osindikiza mabuku, yopaka mopyapyala. Mwaona? Kuyambira pachiyambi pomwe, nkhawa inali pa kaonekedwe ka chidindo. Mu 1892 Francis Galton, msuweni wa Charles Darwin, anatulutsa buku lotchedwa Finger Prints lofotokoza bwino za tizizindikiro tija.

Chaka chomwecho ku Argentina, m'tauni ya Necochea, ana awiri anapezeka ataphedwa. Mayi awo, Francisca Rojas, analoza chala bambo wina woyandikana naye, ndipo bamboyo anagwidwa. Wapolisi wina, Eduardo Alvarez, anapeza chidindo cha magazi pa chitseko, n'kucheka kachidutswa ka thabwalo. Anagwiritsa ntchito njira ya Juan Vucetich, amene anali atayamba kusunga zidindo ku polisi ya ku La Plata mu 1891, ndipo chidindocho chinapezeka kuti n'cha mayi yemweyo. Anavomera mlandu. Bambo uja anapulumuka chifukwa chidindo chimodzi chinaoneka bwino.

Vuto lotsatira linali kusunga. Makadi akafika masauzande, la munthu mmodzi ulipeza bwanji? Yankho linachokera ku Calcutta, komwe ofesi ya zidindo za zala inatsegulidwa mu 1897. Njira yosanjira makadi inatchuka ndi dzina la bwana wa apolisi, Edward Henry, koma masamu ake ambiri anawagwira ndi Amwenye awiri, Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose. Maina awo anaiwalika kwa nthawi yaitali, ndiye tiyeni ife tiziwatchula. Mu 1901 apolisi a Scotland Yard ku London anatsegula nthambi yawo potsatira njira yomweyo.

Kudinda bwino ndi inki kunali luso. Wapolisi ankapaka inki pang'ono pa chinthu chosalala, n'kugwira chala cha munthu, n'kuchigubuduza pa khadi kuchokera mbali ina ya chikhadabo kufika mbali inayo. Inki ikachuluka, tingalande timadzaza. Ikachepa, mizere imadukaduka. Munthu akalimbalimba kapena kunjenjemera, zonse zimapakazika. Ife izi timazidziwa: agogo osadziwa kulemba akadinda chala pa fomu, kawirikawiri chimatsala ndi chibanga cha buluu basi, choti palibe katswiri angachiwerenge.

Njira imeneyi inafikanso kufupi ndi kwathu kuno, ndipo inafika ndi nkhope yoopsa. Mu 1900 Henry yemweyo anatumizidwa ku Transvaal, ku South Africa, kukakonza za apolisi. Mu 1906 boma la kumeneko linakonza lamulo loti Amwenye onse alembetse n'kudinda zala, ndipo Mohandas Gandhi anatsogolera anthu kukana. Pa 16 August 1908 anasonkhana pa mzikiti wa Hamidia ku Johannesburg n'kuotcha ziphaso zawo. Kuyambira 1952, boma la tsankho linkapereka kwa anthu akuda kabuku ka pasi, zidindo za zala zawo n'kumasungidwa ku Pretoria. Agogo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela ankalowa m'dziko lotero, la mapasi ndi zidindo.

NTHAWI YA KOMPYUTA NDI GALASI

Ku America, bungwe la FBI linatsegula nthambi ya zidindo mu 1924 ndi makadi pafupifupi 810,000. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makadi anali pafupifupi 200 miliyoni. Anthu sakanatha kufufuza mulu wotero ndi maso, choncho anayamba kulowetsa zithunzi m'makompyuta. Apa panabuka funso latsopano: chithunzi chikhale chosalala bwanji kuti kompyuta ione mphanda iliyonse? Anagwirizana pa timadontho 500 pa inchi iliyonse, kadontho kalikonse kokhala ndi mlingo wake pakati pa kuda ndi kuyera pa milingo 256. Pa muyeso umenewu, kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake pamakhala timadontho pafupifupi 9. Muyeso umenewu ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Koma zithunzi zotero zinkadya malo ambiri, khadi limodzi pafupifupi 10 MB. Anayesa kuzichepetsa ndi JPEG, yomwe ija ya zithunzi za m'foni, koma ukaifinya kwambiri imatulutsa timabokosi tooneka ndi maso, ndipo timabokosito timadula mizere. Mukudziwa mmene chithunzi chimaonekera chikatumizidwatumizidwa pa WhatsApp? Chimodzimodzi. Ndiye FBI pamodzi ndi akatswiri a masamu a ku Los Alamos anapanga njira yawoyawo, WSQ, mu 1993, imene imachepetsa chithunzi pafupifupi ka 15 popanda kuononga mizere. Mu 1999 makina awo aakulu ofufuzira zidindo, IAFIS, anayamba ntchito.

M'zaka zomwezo inki inayamba kusiyidwa, m'malo mwake munabwera galasi limene timadindapo lero. Kagwiridwe kake mukhoza kukaona kunyumba. Tengani tambula yagalasi, thiranimo madzi, igwireni ndi zala, ndiye muyang'ane kuchokera pamwamba kudzera m'madzimo kuloza pamene zala zagwira. Mizere idzaoneka bwinobwino, tingalande n'kumawala ngati kalilole. Chimachitika n'chakuti pamene galasi lakumana ndi mpweya, kuwala kumabwerera konse m'kati, koma pamene lakhudzana ndi khungu kumamwazika. M'makina muli nyale ndi kamera zoona zomwezo, ndipo chithunzi chimatuluka chakuda ndi choyera, chosiyanitsa bwino mzere ndi ngalande.

Koma walira mvula walira matope. Galasi linachotsa uve wa inki n'kubweretsa mavuto ake. Chala chikauma kwambiri sichigwirana ndi galasi, n'chifukwa chake amakuuza kuti uchikhutize pamphumi kapena pamphuno kuti chitenge timafuta. Chikanyowa ndi thukuta, tingalande timadzaza ngati nthawi ya inki ija. Ukakanikiza mwamphamvu, khungu limatanuka ndipo tizizindikiro timasuntha. Komanso munthu aliyense amasiya mafuta ake pagalasipo, ndiye wotsatira amajambulidwa pamwamba pa chidindo cha mnzake. Mafoni anabwera ndi njira zina, monga Touch ID ya pa iPhone 5s mu 2013 imene imamva mizere ndi mphamvu ya magetsi, koma nazonso zimafuna kukhudza, ndipo aliyense amene anayesapo kutsegula foni atangochapa kumene akudziwa zimene zimachitika.

CHITHUNZI CHIKAIPA

Pa 11 March 2004 mabomba anaphulika m'masitima ku Madrid, ku Spain, n'kupha anthu oposa 190. Apolisi anapeza chidindo chosakwanira pa jumbo ya pulasitiki imene munali zipangizo zophulitsira mabomba, n'kutumiza chithunzi chake kumaiko ena. Kompyuta ya FBI inatulutsa maina 20 a anthu a zidindo zoyandikira, ndipo akatswiri atatu anagwirizana kuti chala n'cha Brandon Mayfield, loya wachisilamu wa ku Oregon. Apolisi a ku Spain sanagwirizane nazo, komabe Mayfield anatsekeredwa milungu iwiri, mpaka a ku Spain atapeza mwini chala weniweni, munthu wa ku Algeria. Boma la America linapepesa ndipo mu 2006 linavomera kumulipira $2 miliyoni.

Poyamba FBI inaloza chala chithunzi chosaoneka bwino. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza chinthu china choopsa: akatswiri aja ataona chidindo chabwino cha Mayfield, anayamba "kuona" tizizindikiro take m'malo osaoneka bwino a chithunzi cha ku Madrid. Pamene chithunzi chasiya mpata, maso amadzazamo zimene akufuna. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Chaka chomwecho cha 2004, bungwe loona za miyeso ku America, NIST, linatulutsa pulogalamu yotchedwa NFIQ imene imapatsa chithunzi cha chala malikisi kuyambira 1 mpaka 5, wabwino kwambiri ndi 1. Yotsatira yake, NFIQ 2, imapereka kuyambira 0 mpaka 100. Ubwino wake ndi woti makina amadziwiratu kuti chithunzi chaipa munthu asanachoke pampando, n'kumuuza kuti adindenso.

Nanga ngati vuto lili pachala penipenipo? Dziko la India linayamba kupereka nambala za Aadhaar mu 2010, munthu aliyense n'kujambulidwa zala khumi, maso awiri ndi nkhope, ndipo pofika 2016 olembetsa anapitirira 1 biliyoni. Boma litayamba kufuna chala pogawa chakudya chotsika mtengo, akatswiri a zachuma monga Jean Drèze ndi Reetika Khera anapeza kuti m'madera ngati Jharkhand anthu ena osauka ankabwerera opanda kanthu, makina atakana zala zawo kapena netiweki itavuta. Okalamba ndi ogwira ntchito zamanja ndi amene zala zawo zimavuta kwambiri.

Kuno kwathu, mu 2017 National Registration Bureau mothandizidwa ndi UNDP inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, m'miyezi pafupifupi 6 yokha, pogwiritsa ntchito zipangizo zonyamula m'manja zokhala ndi laputopu, kamera, makina a zala ndi sola. Inali ntchito yaikulu zedi. Ndipo taganizani za manja amene anadinda pamenepo: a alimi ogwira khasu, oumba njerwa, oswa miyala, amabilidala okhudza simenti, amayi ochapa tsiku lililonse. Ntchito zimenezi zimaperepesa mizere n'kung'amba khungu. Choncho nkhani ya chithunzi chabwino ndi yathu ndithu, ifeyo a dziko la alimi.

KUJAMBULA OSAKHUDZA

Ngati kukanikiza n'kumene kumapotoza chithunzi, bwanji osangochijambula chala chili m'malere? Ganizo limeneli linayamba kuoneka m'makina enieni chapakati pa zaka za m'ma 2000. Kampani ya TBS inapanga makina a makamera asanu ozungulira chala. Ku University of Kentucky, akatswiri pamodzi ndi kampani ya FlashScan3D ankawalitsa timizere ta kuwala pa chala n'kuyeza mmene tapindikira, kuti adziwe kukwera ndi kutsika kwa khungu. Kenako kampani ya ku France, Morpho, imene pano ndi IDEMIA, inatulutsa MorphoWave, makina ojambula zala zinayi pasanathe sekondi, munthu akungodutsitsa dzanja. Covid-19 itafika, aliyense anayamba kuopa galasi logwiridwa ndi anthu mazanamazana. Mu March 2020 boma la India linaimitsa kudinda chala pofika kuntchito m'maofesi ake, ndipo chidwi pa makina osakhudza chinakula.

Koma galasi lija, ndi zovuta zake zonse, linkagwira ntchito zingapo mwakachetechete. Linkaphwatalitsa chala, linkachigwira kuti chisagwedezeke, linkachiika pa mtunda umodzimodzi nthawi zonse, ndiponso linkasiyanitsa mzere ndi ngalande. Ukalichotsa, zonsezi uyenera kuzipezera njira ina.

Choyamba ndi mtundu. Pa chithunzi cha kamera, mzere ndi khungu, ngalande ndi khungunso, ndiye zonse zimaoneka zofanana. Mankhwala ake ndi kuwala. Ukaunika chammbali, mizere imachita timithunzi, ngati mmene mizere ya m'munda imaonekera bwino dzuwa likamatuluka kusiyana ndi masana lili paliwombo. Mtundu wa kuwala nawonso ndi nkhani. Kuwala kofiira kumalowa m'kati mwa mnofu, monga mmene chala chimafiirira ukachiika pa tochi ya foni, ndipo kumasokoneza mizere. Kwa buluu ndi kobiriwira kumathera pamwamba pa khungu, n'chifukwa chake makina ambiri otere amawala mitundu imeneyi.

Chachiwiri ndi kugwedezeka. Kamera ikayandikira kwambiri chinthu, kamtunda kamene kamaoneka bwino kamakhala kochepetsetsa. Chala n'chobulungira, ndiye pakati pakhoza kuoneka bwino m'mbali muli mbuu. Dzanja nalonso silikhazikika. Apa amagwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kuti kamera itseke diso mwachangu, ndipo amajambula zithunzi zambiri motsatizana, pulogalamu n'kusankha chakuthwa kwambiri.

Chachitatu ndi kukula. Chala chikayandikira kamera chimaoneka chachikulu, chikatalikira chaching'ono, pomwe makompyuta a maboma amafuna timadontho 500 tija ndendende. Makina ena amakhala ndi malo oikidwiratu odutsitsamo dzanja. Pa foni, pulogalamu imayerekeza kukula kwa chala kapena kuwerenga mtunda wa pakati pa mizere, n'kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzicho kuti chifike pa muyeso.

Chachinayi ndi kubulungira komweko. M'mbali mwa chala mizere imaoneka yothinana chifukwa khungu lakhotera kumbuyo. Pulogalamu iyenera "kusenda" chithunzicho n'kuchiyala, ngati mmene ungamatulire pepala la pa botolo n'kuliyala pa tebulo. Ndiye pali kena koseketsa: chithunzi cha kamera ndi chidindo cha pa pepala n'zotembenukirana ngati pa kalilole, kumanja kuli kumanzere. Komanso pa kamera mizere nthawi zambiri imawala, pomwe pa inki imada. Pulogalamu ikalakwitsa kutembenuza, ngalande zimasanduka mizere, ndipo mphanda iliyonse imasanduka mzere wothera panjira.

Zonsezi zikatha, pulogalamu imadula chala kuchichotsa pa zakumbuyo, n'kuyeretsa mizere. Njira yotchuka inafalitsidwa mu 1998 ndi Lin Hong, Yifei Wan ndi Anil Jain: kompyuta imaona komwe mizere ikulowera pa kachigawo kalikonse, n'kulimbikitsa zimene zikutsata njirayo, zotsalazo n'kuzifafaniza.

N'chifukwa chiyani akuvutika chonchi? Chifukwa m'makompyuta a maiko muli kale zidindo za anthu mabiliyoni zotengedwa ndi inki ndi galasi. Makina atsopano ayenera kulankhulana ndi nkhokwe zakalezo, apo ayi aliyense alembetsenso. Mu 2020 NIST inatulutsa zotsatira za mayeso ofananitsa makina osakhudza ndi okhudza. Osakhudza anatsalira m'mbuyo, makamaka poyerekeza chala chimodzi chokha, koma pophatikiza zala zingapo anachita bwino kwambiri. Akuluakulu ananena kale, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Vuto lina n'lakuti NFIQ 2 ija inapangidwira zithunzi za inki ndi galasi, choncho malikisi ake pa zithunzi za kamera sungawadalire kwenikweni.

Pali malo amodzi pamene kusakhudza kukuoneka kothandiza zedi: makanda. Mizere ya khanda ndi yothinana kwambiri kuposa ya wamkulu, ndipo khungu lake n'lofewa moti ukangolikanikiza pa galasi mizere imaphwatalala. Gulu la Anil Jain la ku Michigan State University linapanga makina a timadontho 1,900 pa inchi n'kuwayesa ku Agra, ku India. Gulu lina la ku University of California San Diego linasankha kamera yosakhudza n'kukaiyesa pa makanda ku Tijuana, ku Mexico. Cholinga n'choti mwana azidziwika pa nkhani ya katemera ngakhale kabuku ka kusikelo katasowa kapena kunyowa ndi mvula.

MBALI YOOPSA

Tsopano imvani izi. Ngati kamera ikutha kuwerenga chala chako uli patali, ndiye kuti ingathenso kutero iwe osadziwa. Kuba zala sikwachilendo. Mu 2002 Tsutomu Matsumoto wa ku Yokohama National University anapusitsa makina 11 osiyanasiyana ndi zala zoumba ndi gelatin, zomwe zija amapangira maswiti ofewa. Mu December 2014, pa msonkhano wa akatswiri a makompyuta ku Hamburg, Jan Krissler anaonetsa chidindo cha chala chachikulu cha Ursula von der Leyen, amene panthawiyo anali nduna ya zachitetezo ya Germany. Anachipanga kuchokera pa zithunzi za kamera wamba, china chojambulidwa pa msonkhano wa atolankhani. Mu 2021 wogulitsa mankhwala osokoneza bongo wa ku Liverpool anagamulidwa zaka 13 ndi miyezi 6 apolisi atamuzindikira ndi zala zake pa chithunzi chimene anatumiza yekha atanyamula tchizi. Tchizi, anzanga! Pasiwedi ikabedwa umasintha, koma zala uli nazo khumi basi, ndipo n'zomwezo mpaka kumanda. N'chifukwa chake makina abwino amayesanso ngati chala n'chamoyo, osati pepala kapena labala.

Choopsa chachiwiri chikutibwezera kwa Mayfield. Masiku ano ambiri akuyeretsa zithunzi za zala ndi AI. Pulogalamu yotere inaphunzira pa zala zambirimbiri, ndiye ikapeza malo a mbuu imatha kujambulapo mizere yokongola, yooneka ngati yeniyeni, koma yongopeka. Ndi matenda omwe aja a akatswiri atatu, kungoti pano akuchitika m'kati mwa kompyuta momwe palibe akuona. Chithunzi chokongola ndi chithunzi choona si chinthu chimodzi. Ndipo funso lina n'lakuti pulogalamuyo inaphunzira pa zala za ndani. Ngati inaphunzira pa zala zofewa za ophunzira a kuyunivesite, mu labu yowala bwino, idzatani ikadzakumana ndi chala cha mlimi wa fodya, pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likuswa mtengo?

NDIYE TITENGEPO CHIYANI?

Kuyambira pa chikhatho cha Konai mu 1858, m'badwo uliwonse wachotsa chinthu chimodzi pakati pa chala ndi chithunzi chake. Inki inachoka, pepala linachoka, pano galasi likuchoka, ndipo nthawi iliyonse vuto lakale likatha latsopano limatuluka. Makina osakhudza adzafika kwathu kuno, mwina kudzera m'mafoni, chifukwa foni n'njotchipa kuposa makina apadera ndipo imafika kumudzi mosavuta. Ena mwa ife ndi amene tidzawagwire, pa kalembera, kubanki kapena kuchipatala.

Tsiku limenelo likadzafika, makina akadzakana chala cha agogo, tisadzathamangire kuwauza kuti "mulibemo". Pukutani kamera, sunthirani pamthunzi, yesani chala china, yesani zinayi. Zikakanikabe, funsani akuluakulu anu kuti njira ina yozindikirira munthu ndi iti, chifukwa dongosolo lililonse labwino liyenera kukhala nayo. Makina akakana, nthawi zambiri amatanthauza kuti sanaone bwino, osati kuti munthuyo ndi wabodza.

Pa msonkhano wathu wotsatira bwerani ndi mafoni otchaja. Tidzayesa kujambula zala ndi tochi younika chammbali, tione amene atulutse mizere yooneka bwino. Koma lamulo ndi limodzi: zithunzizo tidzafufuta pompo, palibe kuponya pa gulupu.